Chiphaso chili m'thumba, koma aime pati? Asodzi a mbedza ndi majeti a ku Durban

Chisanu chikafika ku Durban, m'miyezi ya Juni ndi Julaye, nsomba yotchedwa shad imabwera m'magulumagulu kuchokera kumadzi ozizira a ku Cape. Mbiri yake imathamanga kuposa nsombayo. Tambala asanalire, anthu a ku Chatsworth, Phoenix, Merebank, Wentworth ndi Umlazi amakhala ali kale pamsewu, ndodo yowedzera paphewa, chidebe cha nyambo m'manja. Ambiri mwa iwo amakhala atapinda bwinobwino kapepala ka boma kowaloleza kuwedza chaka chonse. Koma akafika kunyanja amakumana ndi funso lomwe lavutitsa mzindawu kwa zaka zoposa 15: kodi munthu wa chiphaso chakeyu aime pati?

Kodi majeti akukanganiranawa ndi otani?

Amene anakwerapo sitima ku Nkhata Bay amaidziwa jeti: mlatho woyambira pamtunda n'kukathera m'madzi. Kusiyana kwake n'kwakuti majeti a m'mbali mwa gombe la Durban sakochezapo sitima. Anamangidwa chifukwa cha mchenga.

M'dera limeneli mafunde amakankhira mchenga chakumpoto. Makoma oteteza khomo la doko atamangidwa, anautsekereza mchengawo, ndipo magombe a mumzinda anayamba kukokoloka. M'zaka za m'ma 1980 khonsolo inamanga majeti a simenti pa New Pier, North Beach ndi Bay of Plenty kuti azigwira mchenga womwe umapopedwa ndi makina kuchokera kukhomo la doko. Anthu atawaona majetiwo, aliyense anawapezera ntchito yake. Oyenda kokapitidwa mphepo anapeza poonera dzuwa likamatuluka. Achinyamata osewera ndi matabwa pamafunde anapeza mafunde osweka bwino m'mbali mwake. Asodzi nawo anapeza chinthu chomwe munthu wopanda bwato amachisowa kwambiri: malo oima pamwamba pa madzi akuya.

Kuwonjezera pa amenewa pali makoma awiri aatali a pakhomo la doko, North Pier ndi South Pier, omwe mibadwo ya asodzi inakulirapo.

Nanga bwanji osangowedza ali pamchenga?

N'zotheka, ndipo ambiri amatero. Koma nyanja ya mchere si dziwe. Kuti nyambo ikafike kuseri kwa mafunde osweka, komwe nsomba zimadyera, pamafunika ndodo yaitali, chopotera chingwe chabwino, mtovu wolemera ndi phewa lamphamvu. Zonsezi ndi ndalama kapena unyamata. Pa jeti, gogo wa zaka 70 ndi mdzukulu wake amayenda wapansi mpaka kupitirira mafundewo, n'kuponya mbedza ndi ndodo yotchipa. Mayi amene sangalimbane ndi mafunde ofika m'chiuno amawedza mapazi ali ouma. N'chifukwa chake jeti ikatsekedwa, woyamba kugona ndi njala sakhala mwini boti la injini.

Chiphaso cha pachakacho n'chiyani, ndipo amapereka ndani?

Nsomba za m'nyanja ya mchere ku South Africa zili m'manja mwa boma lalikulu, motsatira lamulo la Marine Living Resources Act la 1998. Aliyense wofuna kuwedza ndi mbedza ayenera kugula chiphaso cha usodzi wongosangalala. Chilipo cha chaka chathunthu, chiliponso cha mwezi umodzi chomwe alendo atchuthi amakonda. Kwa zaka zambiri chiphasochi chimagulidwa ku positi ofesi, ndipo mtengo wa cha mbedza unakhala pansi pa R100 kwa nthawi yaitali. Masiku ano chimagulidwanso pa intaneti, zomwe zinafika pa nthawi yake chifukwa nthambi zambiri za positi ofesi zatsekedwa. Komabe kwa msodzi wachikulire wopanda foni yamakono kapena khadi la kubanki, njira yatsopanoyi imafuna mwana womuthandiza.

Chiphasochi sichisankha kuti uyu ndi wa m'Durban momwemo, uyu wachokera ku Johannesburg. Onse amalipira mofanana. Kukumba nyambo monga nkhanu zazing'ono zamumatope kumafuna chilolezo china, cholipiridwa pachokha.

Ndiye vuto lili pati, poti chiphaso n'chotchipa chonchi?

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Chiphasocho chimapereka ufulu wogwira nsomba, koma sichipereka malo oimapo. Nsomba ndi za boma lalikulu. Majeti a m'mbali mwa gombe ndi a khonsolo ya eThekwini, yomwe ili ndi malamulo akeake a pagombe. Doko ndi makoma ake zili m'manja mwa Transnet National Ports Authority. Msodzi mmodzi, ndodo imodzi, eni atatu. Woyamba amalandira ndalama n'kupereka pepala, awiri enawo ali ndi mphamvu yomanga mpanda.

Pofika nthawi ya World Cup ya 2010, pomwe mzinda unkakonza msewu wa oyenda pansi wa m'mbali mwa nyanja ndi kumanga bwalo la Moses Mabhida, majeti apakati aja anali atatsekedwa kwa asodzi. Iwo amati anauzidwa kuti n'zakanthawi, kuti ntchito yokonza ikatha adzabwerera. Mpira unatha, alendo anapita kwawo, koma zikwangwani zoletsa zinatsala. Kwa zaka zambiri jeti yomwe inakhala yotsegula kwa iwo pagombe lapakati inali ya Snake Park, pamodzi ndi malo a ku Blue Lagoon komwe mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja. Shad ikachuluka, pamalo ochepawa anthu amaima phewa ndi phewa, zingwe n'kumakolana, mitima n'kumapsa.

Nanga kudoko kunachitika zotani?

Kumeneko chitseko chinatsekedwa ndi zochitika za kutali kwambiri. Zigawenga zitaphulitsa nyumba ku New York pa 11 Seputembala 2001, bungwe loona za maulendo apanyanja padziko lonse la International Maritime Organization linakhazikitsa malamulo atsopano a chitetezo cha sitima ndi madoko. Malamulowo anayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2004. Doko lililonse lofuna kulandira sitima zamayiko ena linayenera kudziwa amene akulowa ndi kutuluka. Durban ndi doko lomwe limalandira makontena ambiri kuposa ena onse m'dzikolo, ndipo katundu wambiri wopita ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi amatsikira pomwepo. Silikanachitira mwina.

Kenako, pakati pa 2007 ndi 2010, khomo la doko linakuzidwa mpaka kupitirira mamita 200 m'lifupi kuti sitima zikuluzikulu zizilowa bwino. North Pier yakale inagumulidwa n'kumangidwa pena. Malo omwe bambo ankaphunzitsirapo mwana kumanga mbedza anasanduka dera lachitetezo, ndipo wopezekamo ndi ndodo ankatengedwa ngati wolowa popanda chilolezo.

Asodzi sanakhale chete. Anasonkhana m'gulu la KwaZulu-Natal Subsistence Fisherfolk Forum, mothandizidwa ndi bungwe la South Durban Community Environmental Alliance, lomwe mtsogoleri wake Desmond D'Sa analandira mphotho ya Goldman ya zachilengedwe mu 2014. Anachita zionetsero, analemba madandaulo, anakhala pamisonkhano yosatha. Pamapeto pake akuluakulu a doko anavomera kutsegula malo angapo osankhidwa, koma kwa okhawo olembetsa n'kulandira chilolezo chapadera cha doko. Kunali kupambana ndithu, ngakhale kuti tsopano msodzi ananyamula mapepala awiri kuti achite chomwe agogo ake ankachita opanda pepala.

Kodi zifukwa za khonsolo zilibe mutu?

Zili nawo, ndipo kuzinyoza kungakhale kusaona chilungamo. Mafunde a pa New Pier ndi Bay of Plenty ndi otchuka padziko lonse kwa osewera ndi matabwa. Mpikisano wawo womwe unadzatchedwa Gunston 500 unayambira pa Bay of Plenty mu 1969. Osewerawa amadutsa pansi penipeni pa zingwe za asodzi, ndipo mtovu woponyedwa mwamphamvu ukhoza kuswa mutu wa munthu, mbedza n'kung'amba mnofu. Pafupi pomwepo pali malo osambirapo ana. Palinso dandaulo la ukhondo: zotsala za nyambo zonunkha padzuwa, mamba, zingwe zotayidwa zomwe zimakola mbalame. Asodzi ena anaipitsadi mbiri ya anzawo.

Koma vuto lililonse mwa amenewa lili ndi mankhwala ocheperapo kuposa kuthamangitsa anthu onse. Jeti ili ndi mbali ziwiri, ndipo tsiku lili ndi maola 24. Osambira ambiri samalowa m'madzi usiku, pomwe shad imadya kwambiri m'bandakucha ndi chakumadzulo. Migolo ya zinyalala, mpopi wa madzi ndi woyang'anira mmodzi sizingagwetse chuma cha mzinda womwe unamanga bwalo la mpira la mabiliyoni. Lamulo loyendetsera magombe la Integrated Coastal Management Act la 2008 limanena kuti gombe ndi chuma cha anthu onse chomwe boma limangosunga m'malo mwawo, ndipo aliyense ali ndi ufulu wofikako moyenerera. Pamene kugawana malo kunali kotheka, kutseka kunali kusankha njira yofewera olamula.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi imawawa chonchi kwa anthu a ku Chatsworth ndi Phoenix?

Chifukwa aka si koyamba kuwachotsa kunyanja. Amwenye oyamba obwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe anafika ku Durban mu Novembala 1860. Makontirakiti awo atatha, ena anakhazikika pachilumba cha Salisbury, mkati mwa doko, n'kuyamba usodzi wa makoka. Kwa zaka zambiri ndiwo ankadyetsa mzinda nsomba. Doko likamakula ankasunthidwa, ndipo lamulo la tsankho la Group Areas Act la 1950 litagwira ntchito, mabanja a asodzi anakatayidwa ku Chatsworth m'zaka za m'ma 1960, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera kugombe lapakati. Phoenix inatsatira m'zaka za m'ma 1970.

Magombe nawo anagawidwa potengera khungu. Abwino, apakati, anali a azungu okha. Amwenye, makaladi ndi anthu akuda anapatsidwa akumbali. Lamulo lomwe linkaloleza zimenezi linathetsedwa mu 1990. Choncho munthu wa zaka 65 lero anakula akuona chikwangwani chomuletsa kuponda mchenga wina, anaona chikuchotsedwa, anawedza pa majeti apakati kwa zaka pafupifupi 20, kenako anaona chikwangwani china chikukhomedwa pamalo omwewo. Mawu a pachikwangwanicho ndi ena, zifukwa zake ndi zina, koma iye amene wabwezedwayo ndi yemwe uja. Mzinda ukamayankha ndi nkhani ya fungo la nyambo yokha, umakhala sunamve chomwe munthuyu akulira.

Kodi anthuwa amawedza mongosangalala monga chiphaso chawo chimanenera?

Ena inde. Koma ambiri amawedza ndiwo. Muli opuma ntchito omwe ndalama yaukalamba siwafikitsa kumapeto kwa mwezi, muli ochotsedwa ntchito m'mafakitale a zovala ndi nsapato omwe anatsekedwa, muli achinyamata omwe sanalembedwepo ntchito chibadwire. Nsomba zinayi ndi chakudya cha banja masiku awiri. Zikatsalako, kugulitsa ziwiri kwa mnansi kumabweza ndalama ya minibasi ndi nyambo.

Pomwepo lamulo limawagwira. Nsomba yogwidwa ndi chiphaso cha usodzi wongosangalala siyenera kugulitsidwa kapena kusinthanitsidwa ndi kanthu. Wogulitsa ndi wolakwa, akhoza kulipitsidwa chindapusa n'kulandidwa zida.

Kulemera kwa dzina lolakwikali kunaoneka poyera mu 2020. Dziko litatsekedwa pa 27 Malichi chifukwa cha Covid-19, usodzi wamalonda unaloledwa kupitirira poti ndi wopezetsa chakudya. Usodzi wongosangalala unaletsedwa, monga masewera ena onse. Asodzi a mbedza a ku Durban, omwe mapepala awo ankawatcha osangalala, anakhala pakhomo miyezi iwiri ndi kupitirira, nyanja ili pomwepo, mpaka malamulo atafewetsedwa mu Juni. Chaka chomwecho ofufuza awiri, Jackie Sunde ndi Kira Erwin, anatulutsa lipoti lotchedwa Cast Out lofotokoza momwe asodziwa anatsalira kunja kwa ndondomeko zonse za boma.

Bwanji osalembetsa ngati asodzi ang'onoang'ono kuti azigulitsa mwalamulo?

Njirayo ilipo. Inabwera asodzi a ku Western Cape atakasuma, ndipo mu 2007 khoti loona za kusasankhana linalamula boma kukonza ndondomeko yowaganizira. Ndondomekoyo inatuluka mu 2012, lamulo linasinthidwa mu 2014, malamulo oyendetsera anabwera mu 2016. Ufulu wa zaka 15 umaperekedwa, koma osati kwa munthu payekha: umapita ku kopaletivi ya mudzi wa asodzi. Wolowamo ayenera kukhala nzika ya South Africa, wa zaka 18 kapena kuposa, wosonyeza kuti wakhala akudalira usodzi kwa zaka 10.

Chovalachi chinasokedwa poyeza mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, komwe anthu amadziwana ndipo amawedza malo amodzi. Msodzi wa mumzinda amakhala pa fulati ku Wentworth, mnzake ku Phoenix, amakumana pa jeti basi. Mudzi wawo wa asodzi unaphwasulidwa ndi boma zaka 60 zapitazo, ndipo lero akufunsidwa kuti auonetse. Ambiri anatsala kunja, ena anakana okha kulowa m'makopaletivi omwe sankawakhulupirira.

Nanga malire a nsomba zogwira patsiku, nawonso ndi nkhanza?

Apa ndi pomwe mnzawo weniweni wa asodzi ayenera kuwauza zomwe sangakonde kumva. Malamulo amati shad ndi zinayi patsiku pa munthu mmodzi, iliyonse yosachepera masentimita 30, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala siigwidwa n'komwe, chifukwa ndi nyengo yoswana. Spotted grunter ndi zisanu, zosachepera masentimita 40. Garrick ndi ziwiri, zosachepera masentimita 70. Nsomba zonse pamodzi zisapitirire 10 patsiku.

Manambalawa sanangolotedwa. Mu Disembala 2000 boma linalengeza kuti nsomba zogwidwa ndi mbedza zili pangozi, mitundu ingapo itatsika koopsa. Nsomba yotchedwa seventy-four, yomwe kale inkadzaza maboti ku Natal, inachepa mpaka kuigwira kunaletsedwa mu 1998. Shad imasonkhana pafupi ndi gombe pomwe ikukonzekera kuswana, ndiye n'kosavuta kuimaliza. Wodzaza thumba la shad 50 mu Okutobala akubera mdzukulu wake yemwe.

Komabe dandaulo la asodzi lili ndi mbali yoona. Malire omwewo a nsomba zinayi amagwira dokotala wobwera Loweruka kudzapumitsa mutu, amagwiranso bambo wodyetsa anthu asanu ndi awiri. Ndiponso chomwe chaononga kwambiri madzi a Durban m'zaka zaposachedwa si mbedza. Mu Julaye 2021, nyumba yosungira mankhwala a ulimi ya kampani ya UPL ku Cornubia itatenthedwa pa zipolowe, poizoni anatsikira mumtsinje wa Ohlanga mpaka kunyanja, nsomba zinafa zambirimbiri, ndipo usodzi unaletsedwa kumpoto kwa mzinda kwa nthawi yaitali. Mu Epulo 2022 madzi osefukira, omwe anapha anthu oposa 400, anaphwanya mapaipi a zonyansa, magombe n'kumatsekedwa mobwerezabwereza. Pa zonsezi wolephera kupeza ndiwo anali msodzi wa ndodo imodzi uja.

Kodi kumayiko ena amachita bwanji?

Pali njira ziwiri zodziwika ku America. Ku California, wowedza ali pa jeti ya boma yolowa m'nyanja ya mchere safunika laisensi n'komwe. Amangotsata malire a kukula ndi kuchuluka kwa nsomba. Ufulu wowedza unalembedwa m'malamulo aakulu a dera limenelo mu 1910. Mkangano wa asodzi ndi osambira kumeneko uliponso: mu Julaye 2014 shaki yomwe inakodwa pa mbedza ya msodzi pa jeti ya Manhattan Beach inaluma munthu wosambira. Khonsolo inaletsa usodzi pa jetiyo, koma chiletsocho chinali cha masabata owerengeka, kenako asodzi anabwerera pansi pa malamulo okhwimirapo.

Njira ina ndi ya Jennette's Pier ku Nags Head, North Carolina. Jetiyi inamangidwa mu 1939, inaonongedwa kwambiri ndi namondwe Isabel mu 2003, ndipo boma la deralo linaimanganso ndi simenti n'kuitsegula mu 2011, yotalika mamita pafupifupi 300. Pamenepo munthu amalipira pakhomo, kaya tikiti ya tsiku kaya ya chaka chonse, ndipo jetiyo ili ndi laisensi imodzi yophimba aliyense wowedzapo. Tikiti ya chaka imapindulira anthu a m'deralo, omwe amabwera kawirikawiri, pomwe mlendo amagula ya tsiku. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi chiphaso cha ku South Africa, ndipo wosauka akhoza kulephera. Koma amene walipira amadziwa chomwe wagula: pepala limodzi, nsomba ndi malo oimapo pamodzi.

Mmalawi kapena Mzambia wokhala ku Durban angawedze nawo?

Angathe. Chiphaso cha usodzi wongosangalala si cha nzika zokha, alendo nawonso amagula. Chomwe sangalowemo ndi kopaletivi ya asodzi ang'onoang'ono ija. Wozolowera kunyanja ya kwawo, komwe mwana amaponya mbedza osafunsa munthu, ayenera kusamala zinthu zingapo. Chiphaso chizikhala m'thumba nthawi zonse pamodzi ndi chitupa, chifukwa oyang'anira amafunsa pomwepo. Tepi yoyezera ndi yofunika ngati nyambo. Nsomba isadulidwe mutu kapena mchira isanachoke pagombe, kuti ithe kuyezedwa. Zikwangwani za pa jeti iliyonse ziwerengedwe tsiku lomwelo, poti malamulo a khonsolo amasintha, ndipo kudoko osayerekeza kulowa popanda chilolezo cha kumeneko. Kwa munthu yemwe mapepala ake okhalira m'dzikolo amafuna kuwonjezeredwa nthawi ndi nthawi, mlandu wa shad yaing'ono imodzi ukhoza kubala mavuto oposa chindapusa.

Kodi asodziwo akupempha chiyani kwenikweni?

Zopempha zawo sizinasinthe kwambiri chiyambire. Akufuna majeti apakati atsegulidwe, ngakhale pa maola ogwirizana. Akufuna malo ochulukirapo m'doko, okhala ndi magetsi, zimbudzi ndi chitetezo, chifukwa kumagombe akutali komwe amakankhidwira achifwamba amawalanda zida usiku. Akufuna lamulo livomereze kuti pali munthu wa mumzinda wowedza kuti adye, yemwe si wamasewera ndiponso si kampani, ndipo aloledwe kugulitsa pang'ono popanda kusanduka chigawenga. Akufunanso kukhala nawo pa tebulo zisanagamulidwe, osati kudzamva chikwangwani chitakhomedwa kale.

Mu Novembala 2019 mzinda unatsegula gawo latsopano la msewu wa oyenda pansi uja, lofika kukhomo la doko, ndipo tsopano munthu amayenda makilomita pafupifupi 8 m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Blue Lagoon. Othamanga, okwera njinga ndi mabanja okankha ana m'tingolo amadutsa pamenepo m'mawa uliwonse. Pakati pawo pamadutsanso bambo wa ndodo paphewa, akuyang'ana mtundu wa madzi ndi komwe mbalame zikugwera, kuwerenga majeti imodziimodzi mpaka atafika pomwe chiphaso chake chikugwira ntchito.